Mkamwini wopanda mkazi

Foni inalira ndili m'kalasi, mwezi wa Juni, nthawi imene mwera umalowa pa mawindo opanda magalasi n'kumauluza fumbi la choko. Nditatuluka panja ndinapeza kuti anali alamu anga, achimwene ake a malemu mkazi wanga, akuimba kuchokera ku Tete. Anati akubwera kumapeto kwa mwezi kudzandisudzula. Analankhula mwansangala monga amachitira nthawi zonse, n'kufunsa ngati fodya wa chaka chimenecho anali atalemeretsako munthu ku Wimbe. Pomaliza anati, "Mwanayo mumuuze kuti amalume ake akubwera ndi nsapato." Ndinabwerera m'kalasi n'kupitiriza, koma zimene ndinaphunzitsa sindizikumbuka.

Mkazi wanga anamwalira m'Januwale, mvula ili mkati, ali woyembekezera mwana wathu wachiwiri. Za imfayo sindilemba zambiri. Anandisiyira mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anayamba kunditsatira kulikonse. Akaweruka ku pulayimale ankabwera kudzakhala pakhonde la kalasi yanga ku sekondale yoyendera kumene ndinkaphunzitsa Chingerezi, n'kumajambula pansi ndi kamtengo mpaka belu lomaliza.

Amuna ambiri amauyembekezera mwambo wa kusudzula, pakuti ndi umene umawamasula. Akuchikazi amakhala pansi ndi ankhoswe, amagawa katundu wa malemu, n'kunena kuti ukwati watha, bamboyu angathe kukwatira kwina. Ine chimene ndinkaopa ndi nkhani imene imabwera katundu akatha kugawidwa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ndinakulira m'mwambo womwewo, ndipo ku koleji anandipititsa ndi amalume anga, osati bambo. Mkazi wanga ndinamutenga pa chitengwa, mopempha, ndipo chopempha chili ndi eni ake. Komanso iye anali mkazi yekhayo m'mimba ya mayi ake. Mbumba yonse ya banja limenelo inali itatsalira pa kamwana kamene kankajambula pakhonde paja.

Banja lawo linafika kuno likuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, mkazi wanga asanabadwe. Apongozi anga aamuna anapeza utenanti pa esiteti ina ya kufupi ndi Wimbe. Nkhondo itatha anabwerera kwawo mmodzimmodzi, koma mkazi wanga, amene anabadwira kuno, anatsala pa sukulu mpaka tinakumana. Za dziko la makolo ake ankandiuza zimene anamva kwa mayi ake: midzi imene inatenthedwa, ndiponso njira zimene munthu sankayenera kupatukamo ngakhale phazi limodzi chifukwa cha mabomba okwirira. Ine ndinali ndisanawolokepo malire. Dziko limenelo ndinkalidziwa m'nkhani zimenezo basi, ndipo kumeneko n'kumene mwana wanga akanapita.

Ndinali ndi mfundo imodzi yokha, ndipo ndinaikakamira. Kuno mwana amayamba Chingerezi ali Sitandade wani. Uko amaphunzira m'Chipwitikizi, Chingerezi amakumana nacho atakula. Aliyense m'banjamo ankadziwa kuti alamu anga anatukuka chifukwa cha Chingerezi chimene anaphunzira kuno ali othawa nkhondo. Ndinadziuza kuti munthu wotero sangachotse mwana m'nyumba ya mphunzitsi wa Chingerezi.

Ndinapita kukawafotokozera amalume anga, amene anali ankhoswe a ukwati wanga. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya, masamba ali miyulumiyulu mozungulira miyendo yawo. Anandimvetsera osakweza mutu.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti amanditchula choncho akafuna kundiseka, "Chingerezi sichikhala nawo pa nkhani ya ukwati."

"Ndiye mudzangokhala chete, amalume?"

"Ndidzapempha. Kupempha ndidzapempha. Koma ndikane ndi pakamwa pati? Bambo ako akanati akukanize kwa ine, ndikanawatengera kubwalo. Lero ndikauze mwini mbumba mnzanga kuti alibe mphamvu pa mwana wa mlongo wake?"

Anatola tsamba, n'kuliyang'ana pa kuwala, n'kuliponya pa mulu wa fodya wosaoneka bwino.

Masabata otsatirawo ndinkaopa chilichonse chimene chikanaonetsa kuti mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi. Yunifolomu yake ndinkaichapa isanade. Ndinkamuyang'ana m'mutu ngati muli chipere, ndi m'zikhadabo ngati muli dothi. Tsitsi ndinayesa kumuluka ndekha, mizere inatuluka yokhota ngati ya mlimi woledzera, mpaka akazi a mphunzitsi mnzanga anachita chisoni n'kumasula zonse. Akatsokomola kamodzi ndinkathamangira mankhwala. Tikamadya ndinkamufunsa mafunso m'Chingerezi, dzina lake, zaka zake, mitundu ya zinthu, ndipo ankayankha bwino. Tsiku lina anaika supuni pansi n'kufunsa, "Adadi, amalume akubwera ndi mayeso?" Ndinati ayi, akubwera ndi nsapato.

Anafika Lachinayi masana pa galimoto yoyera ya nambala zachilendo. Ana a m'nyumba za aphunzitsi anaizungulira. Alamu anatsika, munthu wamkulu thupi, wa imvi pang'ono m'mbali, n'kundikumbatira mwamphamvu. "Alamu, mwatha! Akudyetsani choko kodi?" Pambuyo pawo panatsika mayi aang'ono a malemu, amene anabwera m'malo mwa apongozi anga aakazi, pakuti iwo miyendo inali itayamba kuvuta. Mayiwa anangopereka moni n'kukhala pansi. Anamuitana mwana, n'kumukhazika pamiyendo, n'kumayendetsa zala m'mizere ya tsitsi lake. Kenako anatembenuza kolala ya diresi lake n'kuyang'ana m'kati. Ine ndinaima pakhomo ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe.

Mmawa wa Lachisanu alamu anati akufuna kukaona kumene ndimagwira ntchito. Ndinasangalala, pakuti ndinkaganiza kuti mfundo yanga iyamba kudzilankhulira yokha. Ndinawalowetsa mu Fomu thuu. Mabenchi ambiri anali opanda anthu, chifukwa nyengo imeneyo ana amakhala m'zigafa kuthandiza makolo kusankha ndi kudinda mabelo. Amene anabwera anali ndi zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Alamu anakhala kumbuyo n'kundimvetsera kwa kanthawi. Kenako anapempha kuti acheze nawo anawo.

Anaima kutsogolo n'kuyamba kulankhula Chingerezi chawo chothamanga, chokhotakhota, chopanda manyazi. Anawauza anawo kuti ayerekeze kuti iwo ndi bwana wofuna anthu a ntchito, ndipo aliyense anene chimene angathe kuchita. Kalasi inangoti zii. Analoza mnyamata wina, mnyamatayo anayang'ana pansi. Analoza mtsikana amene ankakhoza bwino kuposa onse. Iye anaimirira n'kuyamba kunena pamtima ndime imene ndinawalembera pa bolodi sabata yapitayo, yokhudza kuipa kodula mitengo. Anainena yonse osaphonya liwu. Anzake anaseka mobisa, iye n'kukhala pansi ataphimba nkhope.

Alamu anamuombera m'manja mtsikanayo, n'kunena nthabwala ina m'Chichewa kuti aiwale manyazi. Titatuluka anandilondolera ku galimoto yawo.

"Kwerani, alamu, ndikakuonetseni kwathu."

Tinayenda pa msewu wafumbi pakati pa minda yokololedwa, mapesi a fodya ali chiimire opanda masamba. Anaima pa esiteti imene inasiya kulimidwa kalekale. Panali mzere wa zibumi za dothi pamene panali nyumba za matenanti, ndi chigafa chachitali chopanda denga. Anandilozera chibumi chimodzi.

"Apa. Tinalimo asanu ndi mmodzi. Mlongo wangayo anabadwira pakona iyo."

Ndinali ndisanafikepo pamalopo, ndipo mkazi wanga sanandionetsepo.

"Ana anu aja amalemba bwino," anatero. "Ndasuzumira m'makope. Koma bwana wa ku mgodi wa malasha kwathu uko sawerenga kope."

"Timaphunzitsa za mayeso, alamu. Mayeso ndi olemba. Ndipo m'kalasi imodzi mumakhala anthu ochuluka, sungalankhulitse aliyense."

"Sindikukudzudzulani. Ine Chingerezi changa ndi cha Sitandade eyiti, chothyokathyoka, mwachimva nokha. Koma titabwerera kwathu tinapeza mitengo itamera m'nyumba. Kunabwera azungu ochotsa mabomba, ena omanga milatho, ena ogawa mbewu, ndipo panalibe wolankhula nawo. Anthu ophunzira anali ndi Chipwitikizi chokha. Ife ana a matenanti, amene kuno ankatitcha othawa, ndife tinakwera kutsogolo kwa galimoto zawo. Ndinkalankhula chifukwa ndikakhala chete sindidya. Kenako kunabwera malasha, ndinayamba kuyendetsa malole, lero ndili ndi anga awiri. Zonsezo zinachokera m'kasukulu kaja kuseri kwa mitengo uko."

Apa ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinati, "N'chifukwa chake mwanayu ayenera kutsala kuno. Uko akaphunzira Chingerezi kuti?"

Anaseka, osati moipa. "Alamu, mukuganiza kuti tikadali m'nkhondo? Aliyense uko anaona zimene ine ndinaona. Pafupi ndi kwathu pali sukulu ya ana a anthu a ku mgodi, Chingerezi kuyambira ku mkaka. Aphunzitsi ake ndi a ku Zimbabwe ndi a kuno komwe. Mwini wake timapemphera limodzi, amangodandaula kuti aphunzitsiwo sakhalitsa, amathawa kutentha. Malo a mwanayu ndinapempha kale."

Ndinayang'ana chibumi chija kuti asaone nkhope yanga.

"Mayi akufuna mdzukulu wawo," anatero motsitsa mawu. "Mwana wawo sanamuike m'manda ndi manja awo. Ndikabwerera chimanjamanja ndikawauza chiyani?"

Pobwerera anayatsa wailesi. Ine ndinkangowerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu ngati mwana, kuti ndisaganize.

Mwambo unachitika Loweruka mmawa kwa amalume. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, mwana n'kumutumiza kukasewera ndi anzake kuseri kwa zigafa. Ndinali nditabweretsa katundu yense wa malemu: zitenje, madiresi, nsapato, mapoto, ndi makina ake osokera. Mayi aang'ono ankatola chinthu chimodzichimodzi n'kunena kumene chipite. Makinawo anati asungire mwana. Mapoto anandisiyira. Chitenje china chobiriwira anachigwira nthawi yaitali, n'kuchiika pambali osanena kumene chipite.

Atatha, alamu anakonza kukhosi. Nthabwala zonse zinali zitachoka. Anathokoza amalume chifukwa cha maliro, anandithokoza ine chifukwa chosunga mlongo wawo bwino, kenako anati mwana adzamutenga teremu ikatha. Anati pa tchuthi chachikulu azidzabwera naye, ndipo ine ndikafuna kukamuona khomo ndi lotsegula.

Amalume anapempha monga analonjezera. Anati mwanayu wazolowera bambo ake, bwanji ayambe wamaliza pulayimale. Analankhula ndi mawu a munthu amene akudziwa kale yankho. Mayi aang'ono anapukusa mutu.

"Bambowa ndi mwana. Chaka chamawa pano padzakhala mkazi wina, ndipo n'zoyenera. Koma mwana wathu asadzaleredwe ndi mkazi wa eni ife tili moyo."

Amalume anayang'ana pansi. Mayi aang'ono anadzikonza pamphasa n'kutembenukira kwa ine kuti anene mawu omasula. Ndinkamva mawu a mwana wanga kuseri kwa chigafa, akukangana ndi anzake za amene wafa pa masewera. Ndinadziwa kuti mayiwa akangomaliza kulankhula, ine kwa anthu awa ndikhala munthu amene anakwatirapo mwana wawo kale. Wogogoda, wopatsidwa mpando, wofunsidwa kuti abwerera liti.

"Musandisudzule," ndinatero.

Sindinakonzekere kunena zimenezo. Pa mwambo wotere wamasiye salankhula, amalankhula ndi ankhoswe. Amalume anandiyang'ana mwaukali.

"Iwe, pano pakamwa pako ndine."

"Pepani amalume. Pepani amayi. Koma musandisudzule."

"Mukutanthauza chiyani, alamu?"

"Mlongo wanu ndinamupempha pa chitengwa, munandipatsa. Chitengwa chatha. Koma ngati simunandimasule, ndikadali mkamwini wanu, ndipo mkamwini amakhala kwa eni mkazi. Mwana mutenge, ndi wanu. Ine ndipita naye."

Alamu anaseka mokweza, kuseka kwa munthu wodabwa. "Mkamwini wopanda mkazi! Ameneyu azidya kwa yani? Amayi, munamvapo zotere?"

Mayi aang'ono sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga anayang'anira kolala ya mwana ija.

"Mukudziwa chimene mukupempha, bambo? Munthu wosasudzulidwa sakwatira."

"Ndikudziwa."

"Magazi akadali otentha inu. Lero ndi chisoni chikulankhula."

"Tsiku limene ndidzafune kukwatira, ndidzabwera ndekha kudzapempha kuti mundimasule."

"Tsiku limenelo mudzachoka nokha. Mwana adzatsala."

"Ndamva, amayi."

Amalume anaimirira, zimene sachita pakati pa nkhani. Anandikokera pambali, pafupi ndi mulu wa mikangala yopachikira fodya.

"Wapenga? Ntchito ya boma uisiye? Ine ndinagulitsa ng'ombe kuti ukhale mphunzitsi kuno, osati ukakhale kapolo pa khomo la eni. Chilankhulo chawo sudziwa. Akakakuchotsa ntchito uko udzalowera kuti? Nanga manda a mkazi wakoyo azidzalambula ndani?"

Funso lomalizali linandilasa. Ndinangoti, "Amalume, munati simungakane. Nanenso sindikukana. Ndikungotsatira."

Analavula malovu pambali n'kubwerera pamphasa. Atakhala pansi anauza alendowo kuti mawu anga ndi mawu awonso, koma akupempha chinthu chimodzi, kuti akakatopa nane adzandibweze masana, anthu akuona.

Alamu anati za ntchito akalankhula ndi mwini sukulu uja, koma salonjeza. Mayi aang'ono anati nkhaniyi ndi yachilendo, akaitula kwa akulu awo, apongozi anga aja, ndipo ngati iwo akakana adzabweranso kudzamaliza mwambo. Anapinda chitenje chobiriwira chija n'kuchiika m'chikwama chawo. Mawu omasula sananenedwe.

Ndinadikira yankho mpaka teremu inatha. Foni ikalira ndinkayamba ndaiyang'ana kaye osaigwira. Ndinapitiriza kuphunzitsa, ndipo masiku amenewo ndinayamba kusiya bolodi n'kumawalankhulitsa anawo awiriawiri, wina wogula wina wogulitsa, wina dokotala wina wodwala. Ankaseka kwambiri kuposa kulankhula. Sindikudziwa ngati zinawathandiza. Yankho litabwera linali lalifupi. Apongozi anati abwere, pali kanyumba kuseri kamene ankasungiramo chimanga. Mwini sukulu anati andiyesa teremu imodzi.

Kumanda ndinapitako ndekha, masana. Ndinazula udzu n'kukhala pang'ono. Sindinadziwe ngati ndikumusiya kapena ndikupita kwawo.

Alamu anadzatitenga m'Ogasiti. Amalume sanabwere kudzatsanzika, anangotumiza thumba la mtedza. Mwana anakhala pakati pathu kutsogolo, atavala nsapato zatsopano zija, akufunsa dzina la malo alionse. Tinadutsa Lilongwe, n'kufika pa chipata cha ku Dedza dzuwa litapendeka. Mbali ya kwathu zinayenda msanga. Titawoloka, tinalowa m'ofesi ina mmene zolembedwa zonse pakhoma sindinathe kuziwerenga. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku koleji ndinaima pamaso pa munthu wa yunifolomu ndilibe liwu ndi limodzi lomwe loti ndimuuze.

Wapachipatayo anatsegula mapasipoti athu, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ana ife amuna awiri. Anafunsa funso m'Chipwitikizi. Ndinayembekezera kuti alamu ayankha, monga anayankhira mafunso ena onse. Koma alamuwo anatembenukira kwa ine.

"Akufunsa kuti mwanayu ndi wa yani."

Anangoima, manja m'thumba, akundiyang'ana. Sindinadziwe ngati akundiyesa kapena akundipatsa mwanayo. Mwana anali atagwira chala changa, maso ali pa mfuti ya msilikali amene anaima pakhomo.

"Ndi wanga," ndinatero m'Chichewa.

Alamu anamasulira. Anawonjezera mawu ena angapo amene sindinawamve, ndipo mpaka lero sindinawafunse kuti anati chiyani. Wapachipatayo anadinda osakwezanso mutu.

Tsopano ndimakhala m'kanyumba kaja kuseri kwa nyumba ya apongozi. Teremu yoyesera inatha, anandipatsa ina. Mwana amagona kwa agogo ake, koma mmawa timapita limodzi ku sukulu, ndipo panjira amandiphunzitsa mawu a Chipwitikizi n'kumandiseka ndikalakwitsa. Apongozi amandilemekeza, amanditumizira chakudya, sanandinenepo choipa. Koma nthawi zina madzulo, ndikamachokera ku ntchito, amatuma munthu kudzandiuza kuti agogo akuti ndipite, pali mawu. Kawirikawiri imakhala nkhani ya denga lodontha kapena mbuzi yosowa. Komabe ndimayamba ndasamba m'manja, n'kuvala malaya abwino, n'kuima pang'ono pakhomo, poopa kuti mwina lero ndilo tsiku londisudzula.